Phunziro 6: Kaundula wa ku escolinha

Mphunzitsi wa kalasi yoyamba salima mphanje. Ana amene amawapeza pakhomo la kalasi sukulu zikatsegulidwa amakhala atatha kale zaka 6 akumva ndi kulankhula. Amadziwa mayina a ndiwo ndi a mbalame, amadziwa kupereka moni kwa akulu, amadziwanso kunamizira mnzawo mbale ikasweka. Ochepa mwa iwo amakhala atadutsa ku escolinha, imene ambiri kuno amangoitcha sukulu ya mkaka. M'phunziro lino tikambirana za buku limodzi losaoneka bwino, lachikuto chong'ambika, limene limasungidwa m'chikwama cha mlezi kapena kunyumba kwa wapampando wa komiti: kaundula wa ana a ku escolinha. Tikufuna kudziwa amene walembedwamo ndi amene watsala, chilankhulo chimene anawo amalankhula kwawo, ndiponso anthu amene akuwaphunzitsa.

Mwina wina mwa inu akuti mumtima: ine ndikukonzekera kukaphunzitsa ku pulayimale, za ana a zaka 3 mpaka 5 zikundikhudza bwanji? Zikukukhudzani chifukwa mwana amene ali ku escolinha chaka chino ndiye adzakhale patsogolo panu chaka chamawa, ndipo amene watsala kunja adzakhala pambali pake pa mphasa yomweyo. Mukapanda kudziwa kumene aliyense wachokera, mudzayendetsa kalasi yonse pa liwiro la ana khumi amene amayankha msanga, n'kumayesa otsalawo ogona m'mutu. Komanso m'midzi yambiri inu ndinu mudzakhale munthu yekhayo wapafupi amene anaphunzira kaphunzitsidwe ka m'chilankhulo cha kunyumba. Alezi a ku escolinha akadzafuna womufunsa nzeru, adzagogoda kwa inu.

Kumene ma escolinha achokera

Lamulo la maphunziro limene tikutsata lero, Lei 18/2018 la pa 28 Disembala 2018, limawerengera maphunziro a ana osakwana zaka 6 ngati gawo loima palokha m'dongosolo la maphunziro a dziko lino. Lamulo lomwelo limati mwana ayambe kalasi yoyamba pa zaka 6, pulayimale ikhale ya makalasi 6, ndipo maphunziro okakamiza afike kalasi 9. Koma kupita ku escolinha si kokakamiza, choncho mwana sabwezedwa ku kalasi yoyamba chifukwa choti sanadutseko. Mfundo imeneyi muisunge bwino, pakuti makolo ena amamva zosiyana. Dziwaninso kuti ntchito ya ana aang'ono yakhala yogawana pakati pa unduna wa maphunziro, unduna woona za amayi, ana ndi chisamaliro cha anthu, ndi unduna wa zaumoyo. Ku boma kwathu kuno zimenezi zikutanthauza maofesi awiri, SDEJT ndi SDSMAS, ndipo wofuna chiwerengero cha ana ayenera kudziwa khomo la onse awiri.

Ma escolinha a m'midzi monga tikuwadziwira lero anakula kuchokera ku ntchito imene bungwe la Save the Children linayamba m'chigawo cha Gaza mu 2008. Ofufuza a World Bank anatsata midzi 76, ndipo mwa imeneyi midzi 30 ndiyo inalandira escolinha. Zotsatira zinatuluka mu 2012, nthawi imene ana 4 okha pa ana 100 alionse m'dziko muno ankapita ku sukulu ya mkaka. Anapeza kuti mwayi woti mwana wodutsa ku escolinha alembetse ku pulayimale unakwera ndi 24 peresenti, kuti anawo ankaganiza ndi kugwiritsa ntchito zala zawo bwino koposa anzawo, ndiponso kuti amayi ambiri anapeza mpata wogwira ntchito. Chaka chomwecho boma linakhazikitsa ndondomeko yotchedwa DICIPE, ya zaka za 2012 mpaka 2021, ndipo potsatira iyo anakonza zomanga ma escolinha 350 m'zigawo zisanu: Cabo Delgado, Nampula, Tete, Gaza ndi Maputo. Kuno ku Tete, Angónia anali mmodzi mwa maboma osankhidwa.

Pali chinthu chimodzi m'kafukufuku wa ku Gaza chimene ambiri amachidumpha pofotokoza, chimene kwa ife ndicho chachikulu. Pa nkhani ya chilankhulo, kusintha kunali kochepa kwambiri moti ofufuzawo sanathe kunena motsimikiza kuti kunalipo. Ine ndimatengapo phunziro ili: kusonkhanitsa ana pansi pa denga limodzi sikukulitsa chilankhulo mwa iko kokha. Chilankhulo chimakula pamene munthu wamkulu akucheza ndi mwana, mwanayo n'kumayankha, m'mawu amene onse awiri ali nawo omasuka. Motero mafunso a kaundula, akuti ana ndi angati, akulu ndi angati, ndipo akulankhulana m'chiyani, ndi mafunso a kaphunzitsidwe ndithu, osati a muofesi okha.

Olembedwa ndi otsala

Kulembetsa mwana kumaoneka kophweka kufikira mutakhala pa mpando wolembera. Funso loyamba ndi la zaka. Mwana amene ali ndi cédula kapena chikalata china cha kubadwa savuta. Amene alibe, funsani khadi la kusikelo, pakuti amayi ambiri amalisunga mosamala, ndipo tsiku lobadwa limalembedwapo. Likasowa limenelo, pali kalata ya ubatizo, paliponso njira yoyerekeza ndi mwana wa mnansi amene anabadwa nyengo imodzi. Njira yakale youza mwana kuti adutsitse dzanja pamutu n'kugwira khutu ndiyo muisiye. Mwana wopinimbira chifukwa cha kuperewera kwa chakudya amaoneka wa zaka 4 ali ndi zaka 7, ndipo njira imeneyo imamusunga ku escolinha pamene anayenera kukhala m'kalasi yachiwiri. Kusowa kwa chikalata sikhale chifukwa chobwezera mwana. Mlembeni, kenaka thandizani makolo kupita ku ofesi ya kaundula wa obadwa.

Funso lachiwiri ndi la dzina, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndinadzionera ndekha. Chaka china ndikuyendera ophunzira anga amene anali pa estágio, ndinapempha kuona kaundula wa escolinha ina yapafupi ndi sukulu yawo. Munali mnyamata wina amene ankalembedwa kuti wabwera tsiku lililonse, ndi wina amene analembedwa kuti sanaonekepo chiyambire chaka. Titafunsitsa tinapeza kuti anali mwana mmodzi. Agogo ake anabwera kudzamulembetsa ndi dzina limene amamuitanira pakhomo, n'kutchula chiwongo. Patapita masiku bambo ake anabwera ndi dzina la ubatizo ndi dzina la atate awo, n'kupeza mlezi wina. Zikanangokhala zoseketsa pakanapanda kuti sabata lomwelo anabweza mayi wina ndi mwana wake, kumuuza kuti malo adzaza. Mtsikanayo anakhala pakhomo chaka chonse chifukwa cha mnyamata amene kunalibe.

Kuno mwana amakhala ndi mayina angapo, ndipo amene amutchula amasintha malinga ndi amene wamubweretsa, kaya ndi amayi, amalume kapena agogo. Choncho kaundula akhale ndi malo awiri: dzina monga lalembedwera pa chikalata, ndi dzina limene mwanayo amayankha akaitanidwa. Lembaninso dzina la mayi kapena womulera, ndi la nyakwawa ya mudzi wake. Malo achiwiriwo ali ndi ntchito inanso. Olemba zikalata ambiri amamva mayina athu ndi khutu la Chipwitikizi, motero Chikondi amatuluka Chicondi, Thokozani amatuluka Tocozane. Za pa chikalata sitizisintha tokha, koma kumbukirani kuti mawu oyamba amene mwana amaphunzira kuwerenga ndi dzina lake. Pa kakhadi kamene mumupatse m'kalasi, dzinalo lilembedwe monga amalitchulira amayi ake, kuti k ndi th zimene adzakumane nazo m'buku la Chinyanja azipeze kaye m'dzina lake.

Kulembedwa ndi kubwera ndi zinthu ziwiri. Chaka cha sukulu chimayamba mvula ili pakati, mitsinje itadzaza, nkhokwe zitapepuka, makolo ali pa ganyu m'minda ya ena. Mwana wa zaka 3 sawoloka mtsinje yekha, ndipo womuperekeza ali kumunda. Chimanga chikacha ana amachuluka, makamaka kumene komiti imaphika phala. Mu Juni ndi Julayi chisanu cha kuno kumapiri chimawasunga pamoto mpaka dzuwa litakwera, ndipo escolinha imene imaumirira kuyamba m'mamawa kwambiri imapeza theka la ana. Onjezani nyengo yokumba mbatata, yosankha fodya, masiku a msika ndi a maliro. Ku pulayimale tili ndi chiwerengero cha pa 3 Malichi, chimene chimatumizidwa ku boma chaka ndi chaka. Ndi chofunika, koma ndi chithunzi cha tsiku limodzi. Mlezi amene amalemba obwera tsiku ndi tsiku ali ndi chinthu choposa pamenepo, ndipo akawerenga mwezi ndi mwezi amaona yekha nthawi imene ayenera kusintha ola loyambira kapena kupempha komiti kuti iyambe phala.

Malire nawo ali ndi mbali yake. M'zaka za nkhondo, imene inatha mu 1992, mabanja ambiri a kuno anakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo maukwati ndi ubale zinatsala mbali zonse ziwiri. Anthu amadutsa pa Calómuè ndi m'njira za m'midzi monga amapitira kudimba. Ku Malawi chaka cha sukulu chimayamba mu Sepitembala. Musadabwe mwana akasowa mwezi umenewo chifukwa wapita kukakhala ndi agogo tsidya linalo, kapena wina akafika pakati pa chaka. Wopitayo lembani kuti wasamuka, osati wasiya, wobwerayo mlandireni.

Tsopano tiwerengere pamodzi. Manambala awa ndi ongoyerekeza, kuti muone kaganizidwe kake. Tinene kuti escolinha ili ndi zipinda ziwiri ndi malo a ana 70, ndipo onse 70 alembedwa. Lipoti lipita kuti malo adzaza, aliyense n'kukondwa. Koma inu ndi anyakwawa mwayenda khomo ndi khomo m'midzi yozungulira, mwapeza ana 120 a zaka 3 mpaka 5. Ndiye kuti olembedwa ndi 58 okha pa 100 alionse. Mu Febuluwale obwera tsiku ndi tsiku ndi 45: poyerekeza ndi kaundula ndi 64 pa 100, poyerekeza ndi mudzi sakufika 38 pa 100. Manambala atatu onsewa ndi oona, koma okhawo awiri omalizawa ndiwo akukuuzani kalasi yoyamba imene mudzalandire. Kuwerengera kuyambire kumudzi, osati pakhomo la escolinha. Kalembera wa 2017 anaonetsa kuti pafupifupi theka la anthu a dziko lino sanafike zaka 15, choncho musayembekezere kuti ana adzachepa malo n'kukwanira okha.

Malo akachepa, wina amasankha. Pakapanda mfundo yogwirizana, amalowa ndi ana a amene anamva uthenga msanga: a m'komiti, a pafupi ndi msewu, a makolo odziwa kulemba. Amatsala ndi ana a kumapeto kwa mudzi, amasiye okhala ndi agogo okalamba, ana olumala amene makolo amawabisa, ndi atsikana a zaka 5 amene asanduka kale olera makanda. Amenewa mudzawaona ataima kuseri kwa mpanda, mwana kumsana, akumvetsera nyimbo. Langizo langa kwa komiti limakhala loti ayambe ndi onse a zaka 5, pakuti kwa iwo palibenso chaka china, kenaka a zaka 4, ndipo mfundoyo ilengezedwe pa bwalo pamaso pa amfumu kulembetsa kusanayambe.

Danga limene limasowa m'kaundula

Makaundula ambiri amene ndaona ali ndi dzina, zaka, ndi kuti mwana ndi wamwamuna kapena wamkazi. Za chilankhulo mulibe. Wina anganene kuti ku Angónia palibe chofunsira, popeza pafupifupi aliyense amalankhula Chinyanja, chimene ambiri timachitcha Chichewa. Kumidzi ya ku Dómuè zimenezo zili pafupi ndi choonadi. Ku Ulónguè ndi m'misika ikuluikulu ayi: kuli ana a ogwira ntchito za boma ndi a amalonda amene kwawo amalankhula Chinyungwe, Chisena kapena Chipwitikizi. Ndipo ngakhale kumene onse alankhula Chinyanja, kulemba zimenezo n'kofunika, chifukwa cholembedwa ndicho chimapita ku boma pamene akuganiza za sukulu zoti ziyambe maphunziro a zilankhulo ziwiri, mabuku oti atumize, ndi mphunzitsi woti apite kumeneko.

Musafunse mtundu m'malo mwa chilankhulo. Angoni anafika kuno m'zaka za m'ma 1800, ndipo zidzukulu zawo zimanyadira Ungoni wawo, koma Chingoni chinatsalira m'nyimbo za ngoma ndi m'ziwongo; pa mtondo ndi pa chitsime amalankhula Chinyanja. Kulemba kuti mwana ndi Mngoni sikukuuzani chimene angamve mukamuuza nthano.

Kafunsidwe nakonso kali ndi luso lake. Mukafunsa mayi muli ndi cholembera m'manja kuti mwana wake amalankhula chilankhulo chanji, ena adzayankha kuti Chipwitikizi. Sakunama mwadala. Akuganiza kuti limenelo ndilo yankho limene sukulu ikufuna, ndipo akuopa kuti yankho lina lingachepetse mwana wawo. Funsani motere: "Amayi, mwanayu akagwa n'kumalira, amakudandaulirani m'chilankhulo chanji?" Kapena: "Agogo, nthano mumamuuza m'chiyani?" Kenaka sabata loyamba khalani pambali nthawi ya masewera, mumve chimene anawo amakanganirana. Lembani zinthu zitatu: chilankhulo cha pakhomo, chilankhulo chimene amasewerera ndi anzake, ndi mmene alili pa Chipwitikizi, kaya sakumva konse, amamva koma sayankha, kapena amalankhula. Mwana amene mlezi wamulemba kuti ndi wosalankhula, yambani mwafufuza ziwiri: ngati akumva chilankhulo cha m'kalasi, ndi ngati makutu ake akumva bwino. Chachiwiricho ndi cha kuchipatala, ndipo chisachedwe. Koma za matenda a m'banja ndi zinsinsi zina musalembe m'buku limene limagwiridwa ndi anthu ambiri.

Mukadziwa zimenezi muchita nazo chiyani? Kumene ana onse ali a Chinyanja, chilankhulocho chigwire ntchito yonse, osati yodzudzulira yokha. Ndalowapo m'zipinda zimene nyimbo, kuwerenga manambala ndi moni zonse zili m'Chipwitikizi, Chinyanja n'kumatuluka pokhapokha mlezi akafuna kunena kuti khalani chete. Mwana wa m'chipinda chotero amaphunzira msanga kuti chilankhulo cha amayi ake ndi cha mkwiyo, ndipo cha nzeru ndi chija sachimva. Chipindacho chikhale chodzaza ndi macheza. Ana a kuno amadziwa ntchito ya mbatata: afunseni kusiyana kwa kukumba, kufukula, kutola, kusankha ndi kuunjika, afunseni chifukwa chake zazing'ono amaziika padera, asiyeni atsutsane. Nthano isathere pa "tili tonse": funsani chimene Kalulu akanachita akanapeza njira yatsekedwa. Ombani m'manja maphatikizo a mayina awo. Sewerani ndi mawu oyandikana monga pala ndi phala, kola ndi khola, kuti khutu lizolowere kusiyanitsa zimene dzanja lidzalembe m'kalasi yoyamba. Zonsezi sizifuna buku kapena choko.

Kumene kuli ana awiri kapena atatu a chilankhulo china, mlezi aphunzire moni wawo ndi mawu ofunika monga madzi, chimbudzi, kupweteka, ndipo awakhazike pafupi ndi mnzawo wodziwa zilankhulo zonse ziwiri. Aitane mayi wa mmodzi mwa iwo kudzaimbitsa nyimbo ya kwawo. Ana a msinkhu uwu amatola Chinyanja cha pabwalo mofulumira ngati sakuchititsidwa manyazi.

Makolo adzakufunsani, ndipo ali ndi ufulu wofunsa: Chinyanja amachidziwa kale, ife tamutumiza kuti akaphunzire Chipwitikizi. Musawayankhe monyoza. Iwo akudziwa kuti mayeso, ntchito ndi makalata a boma zili m'Chipwitikizi, chimene ndime 10 ya malamulo aakulu a dziko imachitcha chilankhulo cha boma. Auzeni kuti ndime 9 ya malamulo omwewo imalamula boma kulemekeza ndi kukulitsa zilankhulo zathu. Auzeni kuti malinga ndi kalembera wa 2017, anthu pafupifupi 17 okha pa 100 ndiwo anayamwira Chipwitikizi, ambiri mwa iwo a m'mizinda. Auzeninso kuti nkhaniyi si yachilendo kuno: kuyambira 1993 mpaka 1997 ntchito yoyesera ya PEBIMO inaphunzitsa ana m'Chinyanja kuno ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, ndipo kuchokera mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'sukulu za boma. M'dongosolo limeneli Chipwitikizi chimayamba ndi pakamwa m'kalasi yoyamba, n'kudzakhala chophunzitsira kuyambira kalasi yachinayi. Ku escolinha nakonso chili ndi malo ake: kanthawi kochepa tsiku lililonse ka nyimbo, moni ndi mayina a zinthu zooneka. Koma mfundo zonsezi sizigwira mtima wa kholo monga kumuitana kuti adzakhale m'kalasi m'mawa umodzi. Akamva mwana wake akufotokoza nkhani yonse kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, n'kuyerekeza ndi kubwereza "a, e, i, o, u" kosatha, nthawi zambiri amadziweruzira yekha.

Alezi

Amene amaphunzitsa ku escolinha za m'midzi, amene m'makalata amatchedwa facilitadores, si aphunzitsi olembedwa ntchito monga mudzakhalire inu. Amasankhidwa ndi mudzi pakati pa anthu ake, amalandira maphunziro a masiku ochepa, ndipo chimene amapatsidwa, kumene chilipo, ndi kangachepe. Tsidya la malire zinthu n'zofanana: sukulu za mkaka za m'midzi ya ku Malawi zimadalira alezi ongodzipereka. Munthu wotero ali ndi munda wake ndi ana ake. Akapita kukapalira kapena kukagulitsa nyemba musafulumire kumutcha waulesi.

Bwererani ku chitsanzo chathu chija. Pa pepala alezi ndi 4 pa ana 70, ndiye kuti aliyense ali ndi ana 17 kapena 18. Mmodzi wapita ku maliro, wina anasiya mwezi watha ndipo sanalowedwe m'malo. Tsiku limene ana onse abwera, mlezi mmodzi ali ndi ana 35 a zaka 3 mpaka 5, wina akulira, wina akufuna kuchimbudzi. Munthu mmodzi sangacheze ndi ana 35. Chimene angathe ndi kuwaimbitsa onse pamodzi ndi kuwabwerezetsa mawu mokuwa. Mukadzaona kubwereza kotero, dziwani kuti nthawi zina gwero lake si umbuli wa mlezi koma chiwerengero. N'chifukwa chake kaundula ayenera kukhala ndi tsamba la akulu: amene abwera lero, amene asiya ndi tsiku limene asiyira, amene analandira maphunziro ndi amene analowa pambuyo pake osaphunzitsidwa. Danga lomalizali ndi lofunika kwambiri, pakuti patapita zaka ziwiri kapena zitatu escolinha ikhoza kukhala ndi alezi okwanira koma wopanda ndi mmodzi yemwe mwa amene anaphunzitsidwa pachiyambi.

Pamene akulu alipo awiri m'chipinda, asamaime onse kutsogolo, wina akuphunzitsa wina akuyang'anira phokoso. Agawe ana pawiri: gulu lina nthano pansi pa mtengo, lina masewera a timiyala ndi zitsekerero za mabotolo. Mayi wophika phala, kapena agogo amene amaperekeza mdzukulu n'kumadikira panja, angathe kutenga kagulu kachitatu kwa mphindi khumi ndi kuwaphera ndagi. Komiti iyesenso kupeza alezi aamuna. Ana aone kuti kucheza ndi mwana si ntchito ya amayi okha.

Tsono pali chinthu chimene alezi ali nacho chimene ena mwa inu mulibe. Iwo ndi eni chilankhulo cha mudziwo, amadziwa nyimbo zake, masewera ake, ndi banja la mwana aliyense. Vuto ndi loti sukulu imene iwo anadutsamo inawaphunzitsa kuti Chinyanja chimatsala pa mpanda, ndipo ena anamenyedwapo chifukwa chochilankhula. Motero akaima pamaso pa ana amabisa chuma chawo n'kutulutsa Chipwitikizi chochepa chimene anatsala nacho. Mlezi wina, mayi wodziwa kusimba nthano moti ngakhale ine ndinaiwala kulemba, anandipepesa pambuyo pake kuti tsikulo sanaphunzitse chilichonse. Ntchito yanu yoyamba kwa munthu wotero ndi kumuuza, monga mphunzitsi wophunzitsidwa, kuti chimene wachitacho ndiko kuphunzitsa. Pitani kwa iye ndi ulemu, mum'tche amayi kapena abambo, osati ndi nkhope ya woyendera sukulu. Pemphani mkulu wa sukulu kuti alezi aziitanidwa ku misonkhano ina ya ZIP. Ndipo chaka chikamatha khalani nawo pansi, kaundula ali pakati panu, mudutse dzina ndi dzina: uyu amamva ndi khutu limodzi, uyu amalemba ndi dzanja lamanzere, uyu kwawo amalankhula Chinyungwe, awa asanu akwanitsa zaka 6 ndipo makolo awo sanabwerebe kudzawalembetsa.

Ntchito ya pa estágio

M'masabata awiri oyamba, muli awiriawiri, pezani escolinha kapena sukulu ya mkaka yoyandikana ndi sukulu yanu. Yambani mwaonana ndi anyakwawa ndi wapampando wa komiti musanapemphe kaundula. Werengani olembedwa, obwera masiku atatu osiyana, ndi akulu amene mwawapeza tsiku lililonse. Sankhani mudzi umodzi, muwerenge ana onse a zaka 3 mpaka 5, ndipo mufunse makolo asanu amene ana awo sanalembedwe chifukwa chake. Khalani m'chipinda ola limodzi mukulemba chizindikiro nthawi iliyonse mwana akanena yekha mawu oposa atatu osabwereza za mlezi, ndi chilankhulo chimene wanenera. Kumene kulibe escolinha, chitani kawerengedwe ka kumudzi kokha, kenaka mufunse ana a kalasi yoyamba amene amakhala nawo masana. Pobweretsa zimene mwapeza musalembe mayina a ana kapena a alezi. Manambala ndi mawu a makolo ndi okwanira pa zokambirana za phunziro lotsatira.